Maliro N'kulirana: Mbiri ya Mariam Baouardy wa ku Palestine (1846–1878)

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Kasungu, akapitirira Lumbadzi asanafike pa Mponela, amadutsa pa Mtengowanthenga m'boma la Dowa. Masiku ena amapeza nthambi zamasamba zitagonekedwa panjira. Palibe womuuza kanthu, koma wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, ndipo woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro. Onsewa womwalirayo samudziwa, mtundu wake kapena mpingo wake saufunsa. Chimene adziwa n'chakuti m'mudzimo muli zovuta, ndipo akuluakulu adanena kale kuti maliro n'kulirana.

Kuyambira mwezi wa Okutobala 2023 mawayilesi adayamba kufikitsa m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi uthenga wa maliro akutali, a ku Gaza, a ku Israel ndi a ku Lebanon. Funso likhoza kubwera lakuti, kodi maliro akutali chotere amamukhudza bwanji mlimi wa fodya wa ku mapiri a Dowa? Mbali ina ya yankho ili pa Mtengowanthenga pomwepo. Chipatala cha mishoni cha pamalopo chimadziwika ndi dzina la Francisco Palau, wansembe wa ku Spain amene adamwalira m'chaka cha 1872, ndipo masisitere a chipani chimene iye adayambitsa, cha Carmelite Missionaries, ndiwo akhala akutumikira odwala pamenepo. Tsono Carmel ndi dzina la phiri limene lili pamwamba pa mzinda wa Haifa, kuyang'anana ndi nyanja ya Mediterranean. Paphiri limeneli, lodziwika ndi mbiri ya mneneri Eliya, ndi pamene padayambira banja lonse la zipani za Carmel zaka zoposa 800 zapitazo. Mbiri ya lero ndi ya mwana mmodzi wa banja limenelo, amene adabadwira kufupi ndi phirilo, nagwira ntchito yam'nyumba ku Beirut, nafera ku Bethlehem.

Kubadwa Kwake

Mariam Baouardy adabadwa pa 5 Januwale 1846 m'mudzi wa Ibillin, m'mapiri a Galilee, pakati pa Nazareth ndi Haifa. Nthawi imeneyo Palestine, Lebanon ndi Syria adali pansi pa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, ndipo malire amene alipo lero padalibe. Bambo ake adali a Giries Baouardy, mayi ake a Mariam Chahine. Adali anthu osauka olankhula Chiarabu, Akhristu a mpingo wa Melkite, umene uli nthambi ya Mpingo wa Katolika yotsata mapembedzedwe a kum'mawa. Ana a sukulu ayenera kugwiritsa mfundo imeneyi, chifukwa ambiri amaganiza kuti Mluya aliyense ndi Msilamu, pamene Akhristu akhala ali m'dziko limenelo chiyambire masiku a atumwi.

Banjali lidaidziwa imfa Mariam asanabadwe. Ana aamuna 12 adabadwa motsatizana, ndipo onse adamwalira ali makanda. Mayi aliyense amene adaikapo mwana mmodzi m'manda angathe kuyerekeza kulemera kwa mitumbira 12. Pothedwa nzeru, makolowo adanyamuka wapansi ulendo wa masiku angapo kupita ku Bethlehem kukapempha mwana wamkazi pamalo pamene adabadwira Yesu, nalonjeza kuti mwanayo adzamutcha Mariam. Mwana adabadwadi, nakhala ndi moyo, ndipo patapita zaka ziwiri kudabadwa mlongo wake Boulos.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Mariam asanakwanitse zaka zitatu, bambo ndi mayi ake adadwala namwalira mosiyanitsa masiku owerengeka okha. Achibale adagawana anawo. Boulos adatengedwa ndi mchemwali wa mayi ake wa kumudzi wa Tarshiha, pamene Mariam adatsala ku Ibillin m'manja mwa mchimwene wa bambo ake, munthu wopeza bwino. Chisiyanirane tsiku limenelo, ana awiriwa sadaonanenso mpaka imfa.

Pali nkhani imodzi ya ubwana wake imene Mariam ankakonda kuifotokoza atakula. Adapatsidwa timbalame ta m'chikwere, ndipo poona kuti sitisamba, iye adatisambitsa mwachifundo cha chibwana, koma tonse tidafa. Adatikumbira kadzenje m'munda natikwirira akulira. Pamenepo, monga momwe ankanenera mwini wake, adamva mumtima kuti zonse zapansi pano n'zakutha, ndi kuti Mulungu yekha ndiye sasiya munthu. Amenewo adali maliro oyamba amene mwana wamasiyeyu adayendetsa yekha.

Tsoka la ku Alexandria

Ali ndi zaka 8, bambo omulerawo adasamukira ku Alexandria, m'dziko la Egypt, namutenga. Sukulu sadamutumizeko, kotero kuti moyo wake wonse kuwerenga ndi kulemba kudali komuvuta. Asanakwanitse zaka 13, akuluakulu adamupezera mwamuna wa ku Cairo, mlongo wa mayi omulera, monga mwa mwambo wa nthawi imeneyo, osamufunsa mwini wake. Ukwati utayandikira, Mariam adameta tsitsi lake lalitali, nabweza zokongoletsa zimene adapatsidwa, kusonyeza kuti iye adasankha kudzipereka kwa Mulungu. Bambo omulerawo adapsa mtima koopsa. Adamumenya, namutsitsa kukhala wantchito wa kukhitchini, wopatsidwa ntchito zonyozeka koposa.

M'masautso amenewa mtima wake udakumbukira mlongo wake. Adapempha munthu wina kuti amulembere kalata yopita kwa Boulos, napita nayo usiku kwa mwamuna wina amene kale adagwirapo ntchito panyumbapo, amene ankakonzeka ulendo wa ku Nazareth. Mwamunayo adamulandira bwino, namva madandaulo ake, kenaka adamukakamiza kuti asiye Chikhristu alowe Chisilamu. Mtsikanayo atakana, munthuyo adalusa namucheka pakhosi ndi lupanga, ndipo poganiza kuti wafa, adakamutaya m'kanjira kamdima. Izi zidachitika mu Sepitembala 1858. Mbiri yoona siyenera kubisa kuti wochita zimenezi adali Msilamu, komanso siyenera kubisa kuti woyamba kumumenya ndi kumusandutsa kapolo adali Mkhristu mnzake, magazi amodzi ndi bambo ake. Nkhanza ilibe mpingo.

Mariam sadafe. Malinga ndi umboni wake, adatsitsimuka ali m'phanga, akusamalidwa ndi mayi wina wovala zobiriwira ngati thambo, amene adasoka balalo namudyetsa kwa masabata anayi, kenaka adamuperekeza kutchalitchi china namusiya pomwepo. Iye adakhulupirira mpaka imfa kuti mayiyo adali Maria Virigo. Aliyense angaweruze nkhaniyi monga mwa chikhulupiriro chake, koma chipsera cha masentimita 10 chidatsala pakhosi pake, madokotala adachiona pambuyo pake, ndipo mawu ake adakhala osasa moyo wake wonse. Chodziwika n'chakuti mwana wotayidwa ndi abale adatoledwa ndi munthu amene sadali mbale wake. Kwa bambo omulera aja sadabwererekonso.

Wantchito Wam'nyumba ku Beirut

Kuyambira pamenepo Mariam adadzidyetsa yekha ndi ntchito yam'nyumba, kuphika, kuchapa ndi kutunga madzi, poyamba ku Alexandria, kenaka ku Jerusalem ndi ku Jaffa. Olemba mbiri yake amanena kuti malipiro ake ochepawo ankagawira osauka, ndi kuti akaona kuti banja lina layamba kumutamanda ankachokapo kukafuna lina losowa. Ali ku Jerusalem adalumbira pamanda a Yesu kuti sadzakwatiwa. Chilakolako choona mlongo wake sichidathe, ndipo tsiku lina adakwera sitima yapamadzi pa Jaffa kuti akatsikire ku Acre, doko loyandikira kwawo. Namondwe adaikankhira sitimayo kumpoto, nikaima ku Beirut. Mariam adatsika, napeza ntchito komweko.

Beirut wa zaka zimenezo adali mzinda wa anamfedwa. M'chaka cha 1860 kudabuka nkhondo m'mapiri a Lebanon pakati pa a Druze ndi Akhristu a Maronite. Midzi yambiri idatenthedwa, anthu zikwi zambiri adaphedwa, ndipo mu Julayi chaka chomwecho chipolowe chidafika ku Damascus, kumene dera la Akhristu lidawonongedwa. Opulumuka, makamaka amayi amasiye ndi ana, adakhamukira ku Beirut. Pamene Mariam ankachoka mumzindawo m'chaka cha 1863, n'kuti patangopita zaka zitatu chichitikire zimenezi, misozi isanaume.

M'chipolowe cha ku Damascus muli dzina limodzi loyenera kulikumbukira pambali pa nkhani ya lupanga la ku Alexandria ija. Abd el-Kader, mtsogoleri wa Chisilamu wa ku Algeria amene Afalansa adamugonjetsa namuchotsa m'dziko lake, ankakhala ku Damascus nthawi imeneyo. Iye ndi anyamata ake adalowa m'makwalala, natola Akhristu ochuluka zedi, nawabisa m'nyumba yake ndi m'malo ena otetezeka, moyo wake womwe uli pachiswe. Munthu ameneyu adali atasungidwapo ngati mkaidi m'chaka cha 1848 mumzinda wa Pau ku France, mzinda womwewo umene Mariam adadzakhalamo pambuyo pake. Wodziwa kuwawa kwa ukaidi ndi kuchotsedwa kwawo adamva kulira kwa anthu a chipembedzo china ngati kulira kwa pakhomo pake.

Ku Beirut Mariam adakumana ndi mavuto ena awiri. Adachita khungu kwa masiku 40 kenaka n'kuyambanso kuona, ndipo nthawi ina adagwa kuchokera padenga navulala kwambiri. Mu Meyi 1863 adawoloka nyanja kupita ku Marseille, ku France, kukakhala wophika wa banja lina lochokera ku Syria. Adali ndi zaka 17 zokha.

Kukanidwa ndi Kulandiridwa

M'chaka cha 1865 Mariam adapempha kulowa chipani cha masisitere a St Joseph of the Apparition ku Marseille. Chifalansa ankalankhula chothyokathyoka, ndipo anzake ankangomutchula kuti Mluya wamng'ono. Ntchito zolemetsa za kochapira ndi kukhitchini ankazithamangira yekha. Koma masisitere adayamba kuona zinthu zachilendo pa iye: nthawi zina popemphera ankakomoka ngati wachoka m'thupi, ndipo ena adachitira umboni kuti m'manja ndi m'mapazi mwake munkatuluka magazi ngati mabala a Yesu. Ena adazizwa, ena adakayika, ndipo zaka ziwiri zitatha, akuluakulu a chipanicho adaponya voti yomukana. Kachitatu tsopano mwana wamasiye adapezeka alibe pokhala.

Womutola ulendo uno adali Mayi Veronica, sisitere wa Chingerezi amene ankasamukira ku chipani cha Carmel. Adamutenga napita naye ku nyumba ya masisitere a Carmel ku Pau mu Juni 1867. Nthambi imeneyi ya Carmel ndi ya masisitere obindikira, amene satuluka kunja koma amathera moyo wawo m'mapemphero ndi ntchito zamanja, kusiyana ndi nthambi ya Francisco Palau imene imatumikira m'zipatala ndi m'sukulu. Zonse ziwiri zimamwa pachitsime chimodzi, cha Teresa wa ku Avila ndi Yohane wa Mtanda. Kumeneko Mariam adalandira dzina latsopano, Maria wa Yesu Wopachikidwa, ndipo adakhala m'gulu la masisitere ogwira ntchito zapakhomo, poti mapemphero a Chilatini a m'mabuku adali omukanika. Iye mwini ankadziyesa kanthu kachabechabe, ndipo pemphero lake lalikulu lidali lopita kwa Mzimu Woyera.

Mu Ogasiti 1870, nkhondo ya France ndi Prussia ili m'kati, kagulu ka masisitere kadanyamuka ku Pau kukatsegula nyumba ya masisitere obindikira a Carmel ku India, mumzinda wa Mangalore. Mariam adali nawo. Ulendowo udadzera pa Nyanja Yofiira nyengo yotentha koopsa, ndipo masisitere atatu, kuphatikizapo mtsogoleri wawo, adamwalira asanafike ku Mangalore. Otsalawo adapitiriza ulendo ataika anzawo m'manda a kuchilendo. Ku Mangalore Mariam adachita malumbiro ake pa 21 Novembala 1871. Koma zachilendo zija zidautsanso kukayika. Episkopi wa kumeneko ndi akuluakulu a nyumbayo adaganiza kuti mtsikanayo akunyengedwa ndi mzimu woipa, ndipo m'chaka cha 1872 adamubweza ku Pau. Masisitere a ku Pau adamulandira ndi manja awiri, ndipo iye sadasunge mangawa ndi amene adamuchotsa.

Kubwerera Kwawo

Ali ku Pau, Mariam adayamba kuumirira kuti ku Bethlehem kumangidwe nyumba ya Carmel. Zidaoneka ngati maloto a munthu wosaphunzira, koma mayi wina wachuma, Berthe Dartigaux, adapereka chuma chake, ndipo Papa Pius IX adavomereza. Masisitere adanyamuka mu Ogasiti 1875 nafika ku Bethlehem mu Sepitembala. Patatha zaka zoposa 12 ali kunja, Mariam adapondanso nthaka ya makolo ake, m'mudzi womwe uja umene bambo ndi mayi ake adakamupemphako.

Iye ndiye adasankha malo, kaphiri koyang'anana ndi tchalitchi cha pamalo obadwira Yesu, nalongosolanso kamangidwe kake, kozungulira ngati nsanja. Mwala woyamba udaikidwa mu Malichi 1876, ndipo masisitere adalowamo mu Novembala chaka chomwecho, ntchito ina ikupitirira. Popeza mwa masisitere onse iye yekha ndiye ankalankhula Chiarabu, udindo woyang'anira amisiri ndi aganyu udagwera iye. Munthu amene ku France ankasekedwa chifukwa cha lilime lake adasanduka pakamwa pa gulu lonse. Sankangoloza ndi chala ayi, koma ankasenza nawo miyala ndi laimu, kuweruza mikangano yawo ndi kuwatungira madzi akumwa.

M'chaka cha 1878 adayenda ulendo wa ku Nazareth kukaona malo omangapo nyumba ina ya Carmel, imene idadzatsegulidwa iye atamwalira kale. Pa ulendo womwewo adadzera pamudzi wa Amwas, naloza malo amene iye adati ndi Emmaus, kumene Yesu adanyema mkate ndi ophunzira awiri achisoni aja, ndipo Berthe Dartigaux adagula malowo.

Mu Ogasiti 1878, dzuwa likuswa mtengo, Mariam adasenza madzi kupita nawo kwa amisiri, naterereka pamakwerero, nathyoka mkono. Balalo lidanyeka msanga. Adamwalira pa 26 Ogasiti 1878 ali ndi zaka 32. Mbale wake wamagazi pamaliropo padalibe. Adamulira ndi masisitere a ku France, amisiri amene ankawatungira madzi, ndi anthu a m'Bethlehem, amene adayamba pomwepo kumutchula kuti woyera.

Papa John Paul II adamulengeza kukhala wodala pa 13 Novembala 1983, ndipo Papa Francis adamuika m'gulu la oyera pa 17 Meyi 2015, pamodzi ndi mayi wina wa ku Palestine, Marie-Alphonsine Danil Ghattas wa ku Jerusalem, amene adayambitsa chipani cha Rosary Sisters. Pamwambowo ku Rome padali mtsogoleri wa Apalestina, a Mahmoud Abbas, amene ndi Msilamu.

Zimene Zidagwera Midzi Yake

Amene atsata mapazi a Mariam pa mapu apeza kuti pafupifupi paliponse pamene adaponda padadzagwa maliro. Pa nkhondo ya 1948, pamene dziko la Israel linkakhazikitsidwa, Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, ndipo pafupifupi 100,000 mwa iwo adalowera ku Lebanon. Tarshiha, kumene adakulira Boulos, adaphulitsidwa ndi ndege mu Okutobala 1948, ndipo ambiri mwa anthu ake adakathera mumsasa wa Burj el-Barajneh ku Beirut, kumene zidzukulu zawo zidabadwira. Mudzi wa Amwas udagumulidwa pa nkhondo ya 1967. Beirut adazunzika ndi nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1975 mpaka 1990, ndipo m'kati mwa nkhondoyo, mu Sepitembala 1982, mudachitika kuphedwa kwa anthu wamba ku Sabra ndi Shatila. Ibillin lero ali m'malire a Israel, ndipo anthu ake, Akhristu ndi Asilamu, akadalankhulabe Chiarabu.

Pa 7 Okutobala 2023 gulu la Hamas lidaukira kum'mwera kwa Israel, nilipha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250. Nkhondo imene idatsatira idasandutsa Gaza bwinja. Pofika Julayi 2025, unduna wa zaumoyo wa ku Gaza udali utawerenga anthu ophedwa oposa 60,000, kuphatikizapo amayi ndi ana ambiri. Sukulu ya Rosary Sisters ya ku Gaza, ya chipani cha Marie-Alphonsine uja, idawonongeka kwambiri. Ku Lebanon, nkhondo ya Israel ndi gulu la Hezbollah idakula mu Sepitembala 2024, nisamutsa anthu oposa 1 miliyoni, mgwirizano woleka kumenyana usanachitike pa 27 Novembala chaka chomwecho.

Pakati pa zonsezi padaoneka mwambo umene munthu wa ku Dowa angauzindikire msanga. Mudzi ukagwa maliro, ng'oma zachisangalalo zimaleka ngakhale kwa amene sadafedwe. Pa Khirisimasi ya 2023 atsogoleri a mipingo ya ku Jerusalem adapempha Akhristu kuti asiye zikondwerero, ndipo ku Bethlehem, kumene kuli manda a Mariam, mtengo wa Khirisimasi sudaimikidwe pabwalo lalikulu, nyali zokongoletsa sizidayatsidwe. Papa Francis adaitana Akhristu ndi a zipembedzo zina kuti asale zakudya ndi kupemphera pa 27 Okutobala 2023, nabwerezanso pa 7 Okutobala 2024. Iye mwini ankaimba telefoni pafupifupi madzulo aliwonse ku parishi ya Holy Family ku Gaza, kumene anthu mazana adathawirako, mpaka pafupi ndi imfa yake mu Epulo 2025. Telefoniyo sidaletse bomba ndi limodzi lomwe, monganso wokhuza maliro saukitsa wakufa. Ntchito yake idali yakuti ofedwa asagone okha pasiwa.

Phunziro kwa Anthu a Kuno

Anthu a ku Dowa nkhope ya munthu wothawa nkhondo amaidziwa. Msasa wa Dzaleka, umene udatsegulidwa m'chaka cha 1994 pamalo pamene kale padali ndende, pofika 2023 udali ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Ndiponso kuyambira Novembala 2023 achinyamata a ku Malawi mazanamazana adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, kotero kuti makolo ena kuno akamva za mizinga ya kumeneko tulo sabwera. Dziko limene linkamveka m'Baibulo mokha lidasendera pafupi.

Baibulo lomwelo limafotokoza kuti Eliya, mneneri wa paphiri la Carmel, pa nthawi ya njala adadyetsedwa ndi mayi wamasiye wa mtundu wina ku Zarefati, kumene lero kuli mudzi wa Sarafand kum'mwera kwa Lebanon, ndi kuti mwana wa mayiyo atamwalira mneneriyo adalira naye kwa Mulungu ngati mwanayo adali wake. Banja la Carmel lidamera pa muzu umenewo, ndipo nthambi yake ina idafika mpaka pa Mtengowanthenga, kumene amayi a m'midzi yozungulira amakachirira ndi kukaonetsa ana awo odwala. Amene adamwapo madzi pachitsime sangamve kuti kugwero kwake kwagwa zovuta iye n'kupitirira chipewa chili kumutu.

Kulira nawo sikufuna kuti munthu ayambe wathetsa mlandu wa malire, umene wakanika akatswiri kwa zaka zoposa 75. Pamaliro a m'mudzi milandu imadikira, ndipo ngakhale amene adakanganapo ndi malemu amabwera ndi nkhuni. Mayi wa ku Gaza, wa ku Beirut ndi wa kum'mwera kwa Israel, aliyense adaika mwana m'manda, ndipo misozi ya mmodzi siichepetsa ya mnzake. Mphunzitsi angathe kuyala mapu patsogolo pa ana, nawaonetsa Ibillin, Tarshiha, Beirut ndi Bethlehem, kuti mayinawa aleke kukhala phokoso la pawayilesi, akhale midzi ya anthu okhala ndi alongo awo. Mpingo kapena mzikiti ungathe kuwatchula anthu amenewa m'mapemphero ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pamaliro alionse a ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi pamakhala anthu amene mayina awo samveka polengeza chipepeso. Ndiwo amayi amene amalawirira kumjigo mbandakucha kuti adzukulu ndi alendo apeze madzi akumwa. Salankhula pamwambo, ndipo kawirikawiri si abale a malemu, koma popanda iwo maliro sayenda. Mariam Baouardy adali wa gulu limenelo. Sadalembe buku, sadalamulire dziko, mlongo wake yemwe sadamupeze. Adaleredwa ndi manja a anthu achilendo, iyenso adatenga anthu achilendo kukhala abale ake, ndipo imfa idamupeza atasenza madzi a anthu ena.